Mwasintha hard drive ya laputopu koma Windows ikukana ma update? Nayi njira yokonzera

Malaputopu ambiri omwe tili nawo kuno anagwirapo kale ntchito kwina tisanawagule, ndipo chomwe chimayamba kutopa mwa iwo ndi hard drive. Munthu amagula SSD, disiki yamakono yothamanga kwambiri, mmisiri n'kuiika, laputopu n'kuyamba kuyaka mwachangu ngati yatsopano. Chimwemwecho chimatha tsiku lomwe Windows yayamba kutsitsa ma update. Imafika pa 30 peresenti, n'kuzima, n'kuyakanso, kenako pasikirini n'kubwera mawu akuti "Undoing changes made to your computer". Mawa lake chimodzimodzi, bandulo n'kumangopita pachabe.

Zikatere ambiri amathamangira kukafomatanso. Dikirani kaye. Kawirikawiri SSD imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala mmene Windows inalowera mu disiki yatsopanoyo, ndipo mukafomata ndi fulashi yomwe mmisiri anaikira Windows ija, vutolo libweranso lomwelo.

Musanagwire chilichonse, koperani mafayilo anu ofunika pa fulashi kapena pa disiki ina. Tchajani batire lidzaze ndipo chaja isachoke, chifukwa laputopu ikathima update ili pakati, mafayilo a Windows amaonongeka. Ngati batire lanu ndi lakufa, sankhani nthawi yomwe magetsi sathimathima kwanuko. Ngati disiki yakale ikadali yolumikizidwa, kaya pa USB kaya m'malo momwe munali DVD, ichotseni. Ndipo ngati BitLocker, loko ya Windows yotsekera disiki, ndi yoyatsa, pezeranitu kiyi yake ya manambala 48 mu akaunti yanu ya Microsoft n'kuilemba papepala, poti kusintha zinthu mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yomwe imayamba Windows isanayake, kungachititse kuti laputopu iifunse.

1. Lembani nambala ya vuto

Tsegulani Settings, pitani pa Windows Update, kenako pa Update history. Pambali pa update yomwe yakanika pamakhala nambala yoyamba ndi 0x. Ijambuleni ndi foni, pamodzi ndi dzina la update loyamba ndi KB. Nambalayi ndi yomwe ikuuzeni kolowera. Ikakhala 0x80072F8F, yang'anani wotchi. Ikakhala 0x80070070, malo atha pa disiki. 0x800F0922 ndi 0x80070643 kawirikawiri zimaloza ku ma partition (zigawo za disiki) ang'onoang'ono obisika, pomwe 0xC1900101 ndi nkhani ya madalaivala, mapulogalamu othandiza Windows kuyendetsa zida za laputopu.

2. Wotchi ndi intaneti

Izi ndi zazing'ono koma zimagwetsa anthu ambiri. Potsegula laputopu mmisiri amachotsa batire, ndipo ngati kabatire kakang'ono kosunga nthawi ka pa motherboard kanatha mphamvu, deti limabwerera zaka zam'mbuyo. Kompyuta yomwe deti lake ndi lolakwika singagwirizane ndi maseva a Microsoft. Komanso Windows yongoikidwa kumene nthawi zambiri imabwera ili pa nthawi ya Pacific ya ku America. Dinani kumanja (ndi batani la kumanja la mausi) pa wotchi ya pansi pa sikirini, sankhani Adjust date and time, ikani chigawo cha nthawi pa UTC+02:00 Harare, Pretoria, chomwe ndi nthawi yathu ya ku Malawi, kenako dinani Sync now. Ngati deti likusokonekeranso nthawi iliyonse mukathimitsa, kabatire kaja kakufunika kusintha.

Pa intaneti, ngati mukugwiritsa ntchito hotspot ya foni, Windows ikhoza kuitenga ngati netiweki yolipira pa megabyte iliyonse n'kusiya kutsitsa ma update akuluakulu. Pitani pa Network & Internet, dinani dzina la Wi-Fi yanu, thimitsani Metered connection. Chitani izi mukudziwa kuti data ipita yambiri, chifukwa Windows yatsopano imatha kudya magigabyte angapo tsiku loyamba. Ndi bwino kupita nayo pamalo pomwe pali Wi-Fi yokhazikika.

3. Onani Windows yomwe anakuikirani

Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani `winver`, dinani Enter. Kawindo kakang'ono kakuonetsani mtundu wa Windows yanu.

Apa ndi pomwe pamabisala nkhani zambiri. Pali amisiri omwe amayenda ndi fulashi imodzi zaka ndi zaka, momwe muli Windows 10 yakalekale, monga 1511 kapena 1607. Windows yotereyi imavutika kudzikweza yokha kufika pa ya lero. Imangozungulira pa "Checking for updates" mpaka munthu kutopa. Mtundu womaliza wa Windows 10 ndi 22H2. Ngati winver ikuonetsa wina wotsika, musataye nthawi ndi Windows Update. Tsitsani Media Creation Tool pa webusaiti ya Microsoft, sankhani Upgrade this PC now, ndipo isunge mafayilo anu.

Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a masiku onse a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Omwe analembetsa ku ndondomeko ya ma update achitetezo yotchedwa Extended Security Updates ndi omwe anapatsidwa chaka china, kufika pa 13 Okutobala 2026. Windows 7 inasiyidwa mu Januwale 2020, ndipo 8.1 mu Januwale 2023. Choncho ngati laputopu yanu ili pa imodzi mwa izi ndipo sikulandira kanthu, mwina palibe chomwe chaonongeka.

Mukadali pomwepo, onani ngati Windows ili activated, kutanthauza kuti laisensi yake yavomerezedwa. Kusintha disiki sikuchotsa laisensi, chifukwa imamangiriridwa ku motherboard. Chomwe chimachitika n'chakuti laputopu inabwera ndi Windows Home koma mmisiri waika Windows Pro, kenako n'kuikamo kapulogalamu kakuba kotsegulira. Timapulogalamu timeneti tina timathimitsa dala Windows Update kuti tisagwidwe. Ine malangizo anga ndi oti mubwerere ku Windows yomwe laputopu inabwera nayo. Idzitsegula yokha mukangolumikiza intaneti.

4. Ma partition: gwero lenileni ngati disiki inakopedwa

Ngati mmisiri sanaike Windows mwatsopano koma anakopera zonse za mu disiki yakale kupita mu yatsopano, khalani pano nthawi yaitali.

Dinani kumanja pa batani la Start, sankhani Disk Management. Muona disiki yanu itagawidwa m'mabokosi. Pali bokosi lalikulu la C:, komanso timabokosi tiwiri ting'onoting'ono tomwe sitioneka mu File Explorer. Kena kamalembedwa EFI System Partition, kapena System Reserved pa makompyuta akale, ndipo kamasunga mafayilo oyatsira Windows. Kachiwiri ndi Recovery Partition, kosunga zida zokonzera Windows ikaonongeka. Pokopera disiki ya 500 GB kupita mu SSD ya 128 GB kapena 256 GB, pulogalamu yokoperayo imatha kufinya timabokosi timeneti kapena kusiya kena osakakopera. Windows imayaka bwinobwino, koma update ikafuna kulembamo imapeza mulibe malo. Zili ngati kusamukira m'nyumba yatsopano yomwe ili ndi pabalaza papakulu koma khomo lake n'lopanikiza moti mpando sungalowe.

Yambani ndi chosavuta. Ngati pali bokosi lamzere wakuda lolembedwa Unallocated, ndiye kuti mbali ina ya SSD yanu ikungokhala. Likakhala moyandikana ndi C: kumanja kwake, dinani kumanja pa C: n'kusankha Extend Volume. Mawuwo akakhala otuwa osadinika, ndiye kuti Recovery Partition yakhala pakati pawo, ndipo pafunika pulogalamu yapadera yosunthira ma partition. Onetsetsani kuti pa C: pali malo osachepera 20 GB musanayese update yaikulu.

Tsopano Recovery. Lembani cmd pa Start, dinani kumanja pa Command Prompt, sankhani Run as administrator, n'kulemba:

`reagentc /info`

Ikayankha kuti Disabled, lembani `reagentc /enable`. Vuto la partition imeneyi linadziwika kwambiri mu Januwale 2024, pomwe update ya KB5034441 inakanika pa makompyuta ochuluka a Windows 10 ndi nambala ya 0x80070643, chifukwa inkafuna malo opanda kanthu okwana 250 MB mu Recovery Partition. Kukulitsa partition imeneyi kumafuna kuichotsa n'kuipanganso ndi diskpart, chida cha mu Command Prompt chogawira disiki, ndipo kulakwitsa nambala imodzi kungafufute C: yonse. Ngati simunagwirepo diskpart, pitani nayo kwa munthu wodziwa, mumuuze mwachindunji kuti mukufuna akulitse Recovery Partition, osati kufomata.

Pomwe uthenga ukunena kuti "We couldn't update the system reserved partition", ndiye kuti kabokosi koyatsira kaja kadzaza. Pa disiki ya GPT (njira yatsopano yogawira disiki, yakale ndi MBR) kamakhala ka 100 MB nthawi zambiri, ndipo Windows imangofuna malo pafupifupi 15 MB. Njira yomwe Microsoft yomwe imapereka pa disiki ya GPT ndi yochotsa mafayilo a zilembo omwe safunika poyatsa. Mu Command Prompt yomwe ija lembani mizere iyi umodziumodzi:

`mountvol y: /s`
`y:`
`cd EFI\Microsoft\Boot\Fonts`
`del *.*`

Musanadine Enter pa mzere womalizawo, werengani bwino kuti pasikirini palembedwa Fonts kumapeto. Mukafufuta muli mu foda ina, laputopu siyakanso.

Chomaliza pa gawoli chikukhudza omwe akufuna Windows 11. Mu Disk Management dinani kumanja pomwe palembedwa Disk 0, sankhani Properties, kenako Volumes. Ngati Partition style ikuti MBR, Windows 11 ikukanani ngakhale laputopu ili yamphamvu, chifukwa imafuna UEFI (njira yatsopano yoyatsira yomwe imayendera GPT) ndi Secure Boot, pamodzi ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, RAM ya 4 GB ndi disiki ya 64 GB. Windows 10 ili ndi chida chosinthira popanda kufufuta kanthu. Yambani ndi `mbr2gpt /validate /allowFullOS`, ndipo ikavomera lembani `mbr2gpt /convert /allowFullOS`. Mukatero lowani mu BIOS musinthe kuchoka pa Legacy kupita pa UEFI, apo ayi siyaka.

5. Tsukani zomwe zinatsitsidwa mwatheka

Intaneti ikaduka pakati, mafayilo a update amatsala oduka, ndipo Windows imangoyesabe omwewo. Mu Command Prompt ya administrator lembani:

`net stop wuauserv`
`net stop bits`
`net stop cryptsvc`
`ren C:\Windows\SoftwareDistribution SoftwareDistribution.old`
`ren C:\Windows\System32\catroot2 catroot2.old`

Thimitsani n'kuyatsanso laputopu. Windows ipanga mafoda atsopano yokha. Kenako konzani mafayilo a Windows yeniyeniyo, makamaka ngati anakopedwa kuchokera mu disiki yomwe inali itayamba kale kufa, poti choola chimakopedwa choola:

`DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth`
`sfc /scannow`

DISM iyambe, ndipo imafuna intaneti. Imatha kuima pa nambala imodzi kwa mphindi zambiri ngati yafa. Isiyeni, musatseke.

Ngati update imodzi yokha ndi yomwe ikukanabe, tengani dzina lake la KB lija, mulifufuze pa Microsoft Update Catalog, mutsitse fayilo yogwirizana ndi Windows yanu n'kuiika pamanja. Njirayi ndi yabwinonso kwa omwe ali ndi malaputopu angapo mu ofesi kapena pasukulu: mumatsitsa kamodzi, n'kuzungulira ndi fulashi.

6. Madalaivala ndi BIOS

Tsegulani Device Manager muone ngati pali chizindikiro chachikasu. Madalaivala a chipset ndi a storage atengeni pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga laputopu, monga HP, Dell kapena Lenovo, pogwiritsa ntchito nambala yomwe ili pansi pa laputopuyo. Mapulogalamu olonjeza kukupezerani madalaivala onse nthawi imodzi apeweni. Chotsani pirinta ndi china chilichonse cha pa USB pochita update, komanso antivirus yakale yomwe inabwera pamodzi ndi disiki yokopedwa.

Mu BIOS muli malo olembedwa SATA mode, pomwe pamakhala AHCI kapena RAID. Musasinthe mwachisawawa Windows ili kale mkati, chifukwa mulandira sikirini yabuluu ya INACCESSIBLE BOOT DEVICE. Ngati zachitika kale, bwezerani pomwe zinali.

7. Zonse zikakanika

Ikadalipo njira yosafufuta kanthu. Tsitsani fayilo ya ISO ya Windows yanu, yomwe ili ndi zonse zoikira Windows, pa webusaiti ya Microsoft, idineni kawiri kuti itseguke, yendetsani setup.exe, ndipo ikafunsa sankhani Keep personal files and apps. Imaikanso Windows pamwamba pa yomwe ilipo, mafayilo ndi mapulogalamu anu osakhudzidwa. ISO yake ikhale ya chilankhulo chofanana ndi Windows yomwe muli nayo, apo ayi mwayi wosunga mapulogalamu suoneka.

Iyinso ikakana, kapena sfc ikupezabe mafayilo oonongeka tsiku ndi tsiku, apa ndiye kayikirani SSD. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa thanzi la disiki ndi maola omwe yagwira ntchito. SSD yomwe munaigula ngati yatsopano ikaonetsa maola masauzande kapena mawu akuti Caution, jambulani sikiriniyo, tengani lisiti, mubwerere komwe munagula. Ikakhala yabwino, ndiye yakwana nthawi yofomata, koma ndi fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo yomwe mwaipanga nokha ndi Media Creation Tool. Pofika pomwe imafunsa koika Windows, fufutani ma partition onse a pa SSD yokhayo mpaka patsale Unallocated, n'kudina Next kuti Windows idzigawire yokha malo oyenera.