Kusamalira munthu wobinya masiku oyambirira

Munthu akabinya, manja a womuthandiza amathamangira popwetekapo kufuna kutikita, kukoka ndi kuwongola. Pa ntchito yanga ya unamwino ndimapempha kuti manjawo adikire kaye, ayambe ndi maso. Mukhazikeni pansi wovulalayo, muvuleni nsapato ndi sokosi, ndipo ngati ndi dzanja, mphete ndi wotchi zichoke nthawi yomweyo chala chisanatupe. Kenako ikani mwendo wovulalawo pafupi ndi unzake, muyerekeze.

Kubinya ndi kukokeka kapena kung'ambika kwa mitsempha yolimba imene imamanga fupa ku fupa linzake. Pa kakolo, kawirikawiri phazi limapindikira mkati, ndiye imavulala ndi mitsempha ya mbali yakunja. Timitsempha ta magazi timang'ambikira limodzi, magazi n'kumatayikira mkati, n'chifukwa chake pamatupa, mawa lake khungu n'kuda. Kuthowa ndi madzi otentha, kutikita, kumwa mowa kapena kukakamira kuthamanga m'maola 72 oyamba kumangowonjezera kutupako.

Funso lalikulu ndi loti fupa lili bwino kapena ayi. Madokotala a ku Ottawa, m'dziko la Canada, adakonza njira yosavuta mu 1992 yodziwira amene akufunika kujambulidwa X-ray ya kakolo, ndipo ine ndimaidalira kwambiri. Mufunseni ngati adatha kuponda kanayi atangovulala, ndipo muone ngati angathe panopa, ngakhale motsimphina. Kenako dinikizani ndi chala chimodzi pa fupa lenileni, osati pa mnofu wotupawo: kumbuyo ndi kunsonga kwa mafupa awiri otumphuka a kakolo, pa kafupa kotumphuka m'mphepete mwa phazi kumbali ya chala chaching'ono, ndi pa kafupa kena kamkati, pamwamba pa pokhota phazi. Akadzidzimuka ndi ululu pa limodzi la malo amenewa, kapena akalephera kuponda kanayi, apite akajambulidwe. Mwana ndimamukayikira msanga kuposa wamkulu, chifukwa nsonga za mafupa ake, pomwe amakulira, ndi zofewa kuposa mitsempha. Zooneka ngati kubinya chabe zimatha kukhala kuthyoka. Chimodzimodzinso agogo amene agwa.

Ngati phewa, chigongono kapena chala chaguluka, chikuoneka chopotoka ndipo munthu sangachigwedeze, musayese kuchibwezera. Pafupi pomwepo pamadutsa mitsempha ya magazi ndi ya kamvedwe, ndipo mwina pali fupa lothyoka lomwe simukuliona. Chirikizani chiwalocho momwe mwachipezeramo, mkono muukoleke pa nsalu yomangirira m'khosi, ndipo musamupatse chakudya kapena chakumwa, poti kuchipatala angafunike kumugoneka tulo pochibwezera.

Tiyerekeze kuti fupa lili bwino. Ayezi mukulungeni m'kansalu konyowa, asakhudze khungu mwachindunji, muike potupapo kwa mphindi 15 mpaka 20, kenako mubwereze pakapita maola awiri kapena atatu, kwa masiku awiri kapena atatu. Ayezi sapoletsa bala, amangoziziritsa ululu, choncho palibe phindu kumusiya usiku wonse. Kwa wodwala shuga amene mapazi ake samva bwino, ndimachita mantha ndi ayezi, chifukwa khungu limatha kuwonongeka mwini wake osamva kanthu. Mwendo ukwezeni pa mapilo kuti kakolo akhale pamwamba kuposa mtima. Kukhala pampando phazi lili pa kampando kena sikukwanira, agone chagada.

Pa bandeji ndi pomwe ndikufuna tichedwepo. Gwiritsani ntchito bandeji yotanuka. Phazi likhale chilili ngati munthu waima, osati chogwera pansi. Yambirani patsinde pa zala, zungulizani kawiri, kwerani mopingasa pamwamba pa phazi, zungulirani kuseri kwa kakolo, mutsikenso pansi pa phazi, ngati mukulemba nambala 8. Chizungulire chilichonse chiphimbe theka la chinzake, mpaka mufike pakati pa katumba. Zala zisiyeni poyera. Ndizo zikuuzeni zomwe zikuchitika pansi pa bandejiyo.

Mukamaliza, lowetsani chala chanu m'mphepete mwa bandeji. Chikakana kulowa, mwathinitsa. Tsinani chikhadabo cha chala chachikulu mpaka chiyere mbee, musiye, muwerenge: mtundu wake ubwerere pasanathe masekondi awiri. Gwirani zalazo, kodi n'zofunda ngati za phazi linalo? Muuzeni atseke maso, mukhudze chala chimodzi, atchule chomwe mwakhudza. Azigwedeze. Izi si za kamodzi ayi. Kutupa kumapitirira kukula tsiku loyamba ndi lachiwiri, ndipo bandeji yomwe inali bwino masana imatha kukhala ikufinya pofika madzulo. Ndaonapo mnyamata atabwera zala zili zii, zotuwa, bandeji italowa m'mnofu, chifukwa kunyumba ankaganiza kuti kuthinitsa ndiko kulimbitsa. Titamasula, mzere wake udatsala pakhungu. Pokagona, bandeji yotanuka imasulidwe.

Pali ululu wina womwe ndikufuna muudziwe, makamaka ngati mwendo kapena mkono udapsinjidwa ndi chinthu cholemera, kapena uli mu pulasitala wolimba womangira fupa lothyoka. Ndi ululu wopitirira msinkhu wa balalo, womangokulirakulira, wosamva mankhwala, ndipo mukamutambasula zala pang'ono amakuwa. Mnofu umakhala gwa ngati thabwa. Apa kutupa kwatsekera magazi mkati mwa minofu, ndipo minofuyo imatha kufa m'maola ochepa. Masulani chilichonse chomanga, mwendo ukhale mofanana ndi mtima osati pamwamba, muthamange naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Za mankhwala, paracetamol amathandiza. Wamkulu asapyole magalamu 4 pa maola 24. Ibuprofen amwedwe atadya, koma musanamupatse funsani za zilonda za m'mimba, matenda a impso, mphumu, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ndiponso ngati mayi ali woyembekezera.

Chomwe ambiri amachiphonya ndi choti kupumula kuli ndi malire. Pakadutsa masiku awiri kapena atatu, kakolo ayambe kugwira ntchito. Wodwala akhale pampando, alembe zilembo m'malere ndi chala chachikulu cha phazilo, kuyambira A, kangapo pa tsiku. Aziponda mmene ululu ukumulolera, chidendene choyamba, zala pambuyo, ngakhale atagwira ndodo. Kumva kukoka pang'ono si vuto. Ululu wobaya ndiwo womuuza kuti aime. Akayamba kuyenda bwino, aziima ndi mwendo wovulalawo wokha atagwira khoma, kenako osagwira, kenako atatseka maso. Ambiri amaleka apa chifukwa ululu watha, koma mitsemphayo imatenga masabata angapo, ina miyezi, kuti ilimbe, ndipo kakolo wosaphunzitsidwanso kudziimira amabinyanso pamalo omwewo.

Abwerere kuchipatala ngati patatha sabata sakuthabe kuponda, ngati bondo likugwa lokha kapena kukanirira osatambasuka, kapena ngati zala zachita dzanzi losatha. Pamalo olumikizana mafupa pakatentha, kufiira, thupi n'kutenthanso, asadikire mawa. Katumba akatupa n'kumapweteka mwendo utakhala masiku osayenda, musatikite, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo.