Musanagule ma iron osula, mvetserani kaye

Anzanga amene mwayamba gofu ndipo mukufunafuna ndodo zakale zotsika mtengo, mukaona mawu akuti Forged pamutu pa iron, ndodo ija ya mutu wachitsulo, musathamangire kutulutsa ndalama.

Mutu woterewu amachita kusula. Amatenga chitsulo chofewa cha carbon, chija amachilemba 1020 kapena 1025, n'kuchiwotcha mpaka chifiire, kenako makina amachipsinja mwamphamvu, ngati mmene amisiri athu amasulira makasu. Popanga ma iron ena osasula amangothira chitsulo chosungunula m'chikombole. A Mizuno, kampani ya ku Japan yopanga ndodo za gofu, amasulira ambiri mwa awo ku Hiroshima.

Ukamenya mpira pakatikati penipeni, iron wosula amangoti "thi" mofewa, m'manja osamva kanthu. Koma ukaphonya pang'ono, makamaka ndi aja opyapyala otchedwa blade, amakuuza pomwepo. Ine ndinaphunzira m'mawa wina wa mu Juni, kuzizira kwa kuno ku Dedza mukukudziwa: zala zinachita dzanzi, mpira n'kugwera pafupi ngati waponyedwa ndi mwana. Ngati mwangoyamba kumene, tengani a mphako kumbuyo, amakhululuka.

Kufewako kuli ndi ubwino wake, mmisiri amatha kupinda mutuwo digiri 1 kapena 2 kuti ugwirizane ndi msinkhu wanu. Kuipa kwake n'kwakuti mitu imagundana m'chikwama n'kuchita timaenje, ndiye pamsewu wa M1 popita ku Lilongwe kulungani thaulo pakati pake. Mukasewera pa mame pukutani ziume, chifukwa pomwe chrome, chonyezimira chija amakutira pamwamba pa mutu, yanyotsoka dzimbiri silichedwa.

Pogula yang'anani timizere ta pankhope ya mutu, pomenyera mpira paja. Ngati tatha, siyani.