Mmene Mungakambiranire ndi Dokotala za Radiotherapy ya Mlingo Wochepa pa Khansa ya Lymphoma Yongoyamba Kumene

Munthu amene wapezeka ndi lymphoma (khansa ya maselo oyera a magazi imene nthawi zambiri imayambira m'anabele) imene ili pamalo amodzi kapena pamalo ochepa oyandikana angamve kuti masiku ano madokotala akutha kuwotcha khansayi ndi cheza (radiotherapy) chochepa kwambiri, m'masiku awiri okha. Nkhaniyi ndi yoona, koma si odwala onse amene ikuwakhudza, choncho ndi bwino kufunsa mafunso oyenera musanavomere kapena kukana chithandizochi.

Yambani ndi kudziwa dzina lenileni la lymphoma yanu, monga momwe lalembedwera pa zotsatira za kanyama kamene anadula pa mwanabele kapena pa chotupa n'kukapima. Kafukufuku wa mlingo wochepa kwambiri amakhudza mitundu imene imakula pang'onopang'ono, makamaka follicular lymphoma ndi marginal zone lymphoma, chifukwa maselo ake amafa msanga akakhudzidwa ndi cheza. Mitundu yolusa, monga diffuse large B-cell lymphoma, imafuna mankhwala a chemotherapy. Funsaninso ngati sikani ya PET-CT, imene imaunika thupi kuti ione pamene pali khansa, yatsimikizira kuti nthendayo sinafalikire, pakuti radiotherapy imachiza malo okhawo amene yalunjikitsidwa.

Kenako mvetsani manambala. Cheza amachiyeza ndi muyezo wotchedwa gray, umene amaulemba kuti Gy. Kale odwala ankalandira 40 mpaka 45 Gy, koma kafukufuku wa ku Britain amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011 anasonyeza kuti 24 Gy, yoperekedwa maulendo 12, imagwira ntchito mofanana pa mitundu yokula pang'onopang'ono. Mlingo umene umatchedwa wochepa kwambiri ndi 4 Gy, yoperekedwa maulendo awiri okha.

Apa m'pamene pafunika kudekha. Kafukufuku wina wa ku Britain wotchedwa FoRT anayerekeza milingo iwiriyi pa odwala oposa 500, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2021 zinasonyeza kuti patapita zaka 5, khansa inali isanayambirenso pa malo pafupifupi 90 mwa 100 alionse amene anawotchedwa ndi 24 Gy, pamene pa 4 Gy chiwerengerocho chinali pafupifupi 70. Kusiyana kumeneku si kochepa, ndipo n'chifukwa chake 24 Gy ndiwo mlingo umene madokotala amadalirabe ngati cholinga ndi kuchiziratu. Komabe, malo 70 mwa 100 kukhala bwino pambuyo pa masiku awiri okha a chithandizo si nkhani yoinyoza, makamaka kwa munthu wokalamba, wofooka, kapena amene akungofuna kuti chotupa chimene chikumupweteka chiphwe. Choncho mufunseni dokotala mosapita m'mbali kuti cholinga cha chithandizo chanu n'chiyani.

Funso lina ndi la malo amene khansayo ili. Ngati ili pafupi ndi diso, cheza chambiri chingabweretse ng'ala kapena kuuma kwa diso, ndipo ngati ili pafupi ndi tiziwalo totulutsa malovu, m'kamwa mungathe kuuma kwa nthawi yaitali. Pa chifukwa chimenechi, madokotala a pa MD Anderson Cancer Center ku Houston anayesa njira yoyamba ndi 4 Gy, kenako n'kumamuona wodwalayo kwa miyezi ingapo, n'kuwonjezera 20 Gy pokhapokha ngati khansayo sinathe. Pa lymphoma ya kudiso ndi ya m'chifu, odwala ambiri sanafunikire mlingo wowonjezerawo. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yanzeru, ngakhale kuti kafukufukuyo anali wa anthu ochepa ndipo sanayerekeze magulu awiri monga anachitira a FoRT.

Mukasankha njira imeneyi, dziwani kuti kubwerera kuchipatala ndi gawo la chithandizo chenichenicho. Gwirizanani ndi dokotala masiku okapimidwanso, mtundu wa sikani kapena kuunika kumene kudzachitike, ndiponso zizindikiro zimene ziyenera kukubwezani msanga, monga chotupa chatsopano, kutuluka thukuta kwambiri usiku, kutentha thupi ndi kuwonda mosadziwika bwino. Ngati mukuona kuti zidzakuvutani kusunga masiku amenewa, muuzeni dokotalayo musanayambe, chifukwa pamenepo 24 Gy ingakhale yokuyenerani kuposa 4 Gy.