Pepala la pakhoma likang'ambika koma mtundu wake anasiya kupanga

Nyumba zina za lendi muno mu Lusaka, monga ku Woodlands, Kabulonga ndi Rhodes Park, mumazipeza zili ndi wallpaper, pepala lokhakhala lija la timizere kapena timaluwa totukuka, lomwe linamatidwa kalekale. Mwana akang'amba pang'ono, kapena chinyontho cha m'dzinja chikalimatula m'munsi, mutu umakula: kusitolo akuti mtundu umenewo unatha, pomwe a landilodi akufuna khoma lawo lili bwino asanakubwezereni dipoziti.

Musanapite kumasitolo a ku Kamwala, fufuzani m'nyumba momwemo. Amisiri amakonda kusiya zotsala pamwamba pa wadirobu, m'siling'i kapena m'kanyumba kosungira katundu, ndiye funsani eni nyumba. Ngakhale mutapeza kapepala kokulungira mpukutu kokha, kasungeni, chifukwa pamakhala dzina la kampani, monga Rasch, A.S. Création, Erfurt kapena Graham & Brown, nambala ya mtunduwo, ndi nambala ya batch, kutanthauza gulu la mipukutu yosindikizidwa nthawi imodzi. Nambala yomalizayi ndi imene ambiri saiona. Mipukutu ya mtundu umodzi yosindikizidwa nthawi zosiyana imasiyanako kuwala, ndipo la pakhoma panulo lasuluka kale ndi dzuwa ndi fumbi la mu Ogasiti.

Kapepalako kakasowa, jambulani khomalo usiku, tochi itawala chammbali mokhudza khoma, kuti timizere tionetse mithunzi. Chithunzi cha masana chimabisa kukhakhala konse. Ikani tepi yoyezera pambali, muyeze kuchokera pa msoko wina kufika pa unzake. Mukapeza masentimita 53, ndi mpukutu wa muyezo wa ku Ulaya, wotalika mamita 10.05, mukapeza 106, ndi wotakata uja umene nthawi zambiri umachokera ku Korea kapena China. Yezaninso mtunda umene duwa limabwerezera, kaya ndi masentimita 32 kapena 64. Tumizani zonsezi kwa ogulitsa, kapena kwa abale a ku Johannesburg, koma aitanitseni kachidutswa kaye musanalipire mpukutu wathunthu ndi ndalama ya basi.

Kunena zoona, chigamba chabwino koposa chili kale pakhoma panu. Kuseri kwa wadirobu, kwa kabati yomangira kukhoma kapena kwa bedi kuli pepala lomwelo, la batch yomweyo. Muwauze eni nyumba kaye. Dulani chidutswa ndi lezala yatsopano, chokulirapo masentimita 5 mbali zonse kuposa pong'ambikapo, ndipo chikhale ndi duwa lofanana ndi pamene mukukonza. Pepala la vinyl (lokhala ndi pulasitiki pamwamba) kapena non-woven (lokhala ngati nsalu kuseri kwake) limamatuka louma mukalikoka pang'onopang'ono kuyambira pakona. La pepala lenileni limafuna siponji ya madzi ofunda ndi kudekha kwa mphindi 10 kapena 15. Mukafulumira, timizere timaphwanyika ndipo sitidzukanso.

Kumata kwake ndi uku. Ikani chigambacho pamwamba pa pong'ambika, maluwa agwirizane ndendende, muchigwirize ndi masking tape. Kenaka dulani mapepala onse awiri pamodzi, cha pamwamba ndi la pansi, ndi lezala imodzimodzi. Ngati pali mzere wotukuka, dulani motsata mzerewo kuti msoko ubisale m'mthunzi wake. Chotsani lowonongekalo, palani guluu wakale, tsekani timaenje ndi fila, phala lotsekera ming'alu ya khoma, ndipo pakauma pakani guluu wa wallpaper wolimba, wa mapepala olemera. Musagwiritse guluu wa matabwa kapena wa nsapato, amathimbiriza ndipo tsiku lomatula amachoka ndi pulasitala. Ngati chigamba ndi cha pepala lenileni, pakani guluu pa pepalapo, mudikire mphindi 5 mpaka 10 kuti lifufume. Likamatidwa lisanafufume, limatukusira pakhoma n'kuchita matuza. Non-woven safufuma, guluu amapakidwa pakhoma. Sindikizani ndi siponji yofewa basi. Kachipangizo kogudubuza pa msoko (roller) kamene amisiri amayendetsa pa pepala losalala kamasalaza kukhakhala, n'kusiya mzere wonyezimira woonekera patali.

Ngati pepalalo ndi loyera lopaka penti pamwamba, la mtundu wa Anaglypta kapena la timatabwa tating'ono m'kati, ntchito yachepa. Pezani lokhakhala moyandikira, matani, dikirani maola 24, kenaka pakani penti khoma lonse kuchokera kona kufika kona, kawiri. Chigambacho chipakeni kaye kamodzi pachokha, chifukwa lakale lamwa penti kangapo ndipo timizere take tadzadza. Penti isakhale yonyezimira, imaulula msoko uliwonse.

Pamene pawonongeka pakulu, musalimbane ndi zigamba. Matulani khoma lonselo, muike mtundu wina wogwirizana ndi makoma atatu otsalawo. Diso silidandaula mitundu ikasinthira pakona. Kuwerengera kwake: khoma lotalika mamita 2.6, onjezani masentimita 10 odulira, mpukutu wa mamita 10.05 ukupatsani zidutswa zitatu. Khoma la mamita 4 m'lifupi likufuna zidutswa 8 za masentimita 53, ndiye kuti mipukutu itatu. Gulani wina wachinayi wa batch yomweyo, muusunge pouma pamodzi ndi kapepala kake.

Pepala likamatuka m'munsi ndipo kuseri kwake kuli chuku chakuda, vuto ndi madzi a m'khoma, kaya paipi yodontha kapena chinyontho chokwera kuchokera m'maziko. Lijambuleni, muwaonetse a landilodi, akonze kaye gwero lake. Mvula ya kuno imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye khoma lotere lisiyeni liume, mudzamate kuyambira mu Juni.