Anankafumbwe amene simuyenera kuwapopera

Mukamva za nankafumbwe mumaganiza za chimanga chofumbwa m'nkhokwe. Komatu anankafumbwe ali mitundumitundu, ndipo ena sadya mbewu zathu. Amadya mitengo yachilendo, ija yolanda msipu ndi kuumitsa mitsinje.

Mtengo ukachoka kwawo umasiya adani ake komweko, n'chifukwa chake kuchilendo umaswana popanda choletsa. Akatswiri amapita kumene unachokera kukatenga kachilombo komwe kamaudya. Amayamba akasunga m'nyumba yotsekedwa kwa zaka, n'kumakapatsa zomera zosiyanasiyana kuti atsimikize kuti sikadzatembenukira mbewu za alimi.

Ku South Africa mitengo ya acacia yochokera ku Australia inadzaza malo ambiri. Kuyambira mu 1985 anayamba kumasula anankafumbwe otchedwa Melanterius. Wamkazi amaboola kachikoko ka njere za mtengowo n'kuikira dzira, mphutsi n'kudya njere ili m'kati. Anasankha dala odya njere okhaokha, poti mtundu wina wa acacia, black wattle, alimi amaulima n'kumagulitsa makungwa ndi mitengo yake. Kachilombo kopha mtengo wonse kakadawalowetsa pansi.

Apa mpamene ambiri amagwa mphwayi. Amawona mitengo idakali chiimire n'kumati ntchito yalephereka. Ayi. Nankafumbwe wotere sagwetsa mtengo, amangochepetsa njere zake. Njere zakale za acacia zimakhala m'nthaka zaka makumi angapo, ndipo moto ukadutsa zimamera ngati zofesa. Ndiye nkhwangwa musaiike pansi. Dulani, zulani mbande zikadali zazing'ono, chaka chamawa mudzabwererenso.

Mtengo wa Sesbania punicea, wa maluwa ofiira wochokera ku South America, ndiwo unagonja msanga ku South Africa komweko chifukwa anankafumbwe atatu anaugwirira pamodzi: wina akudya maluwa asanamasule, wina njere, wachitatu akuboola thunthu mpaka mtengo kuuma.

Pamalo pamene amasulapo tizilomboti musapopere mankhwala, musatenthenso tchire. Mukamadula, siyani kagulu ka mitengo pambali kuti tikhale ndi pobisala ndi chakudya. Ena zimawapweteka kusiya mtengo womwe akulimbana nawo, koma mukamaliza yonse tizilombo timafa ndi njala, mbande zatsopano n'kudzakula zopanda mdani.

Musatole tizilombo kwina n'kubwera nato nokha. Kumasula kumafuna chilolezo cha boma, choncho yambani mwafunsa mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu.