Kusankha Kompyuta ya GPS ya Panjinga Maso Akayamba Kuvuta

Musanafunse za mtundu wa kompyuta ya panjinga, kachipangizo komangirira pachiwongolero koonetsa liwiro, mtunda ndi mapu, tengani tepi yoyezera. Khalani pachishalo, gwirani chiwongolero mmene mumagwirira popalasa, wina akuyezeni kuchokera padiso kukafika pamene kachipangizoko kadzakhale. Nthawi zambiri pamapezeka masentimita 50 mpaka 80. Nambala imeneyo ilembeni penapake, chifukwa kompyuta yooneka bwino m'manja ikhoza kukhala yosawerengeka ikakhala pachiwongolero.

Anthu ambiri akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi. Msewu umaoneka bwinobwino, koma manambala apasikirini amaoneka mwachimbuuzi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amavala magalasi owerengera n'kudabwa kuti sizikuthandiza. Magalasi amenewo amapangidwira mtunda wa buku, pafupifupi masentimita 40, pomwe chiwongolero chili patali kuposa apo. Powerengera mphamvu ya magalasi mongoyerekeza, gawani 100 ndi masentimitawo. Pa 40 mupeza +2.50, koma pa 70 mupeza pafupifupi +1.50. Ndiye kuti magalasi apanjinga ayenera kukhala ofookerapo kuposa owerengera nyuzipepala. Nambala mwayeza ija pitani nayo kwa oyeza maso, akuuzani mphamvu yeniyeni. Ndipo musayerekeze kupalasa mutavala magalasi owerengera athunthu, chifukwa sikirini muiona koma dzenje la pamsewu simuliona.

Chothandiza ndi magalasi okhala ndi kagawo kowerengera m'munsi mokha. Palinso timagalasi tofewa tomata ndi madzi mkati mwa magalasi adzuwa, todulika ndi sizasi. Timateni m'munsi kwenikweni. Tikakwera pang'ono, mzere wake umadutsa pakati pamsewu, tayala la mnzanu wakutsogolo n'kumaoneka ngati ladukizana. Magalasi adzuwa a polarized, ochepetsa kunyezimira, nawonso samalani nawo: ndi masikirini ena, mukangopendeka mutu sikirini imada bii.

Tibwere kukachipangizoko. Kukula kwa sikirini kumathandiza. Garmin Edge 130 Plus ili ndi mainchesi 1.8, Wahoo Elemnt Bolt yachiwiri 2.2, Garmin Edge 540 ndi 840 zili ndi 2.6, Hammerhead Karoo 3.2, Edge 1040 ndi 1050 zili ndi 3.5, pomwe Wahoo Elemnt Ace ili ndi 3.8. Ngati mumadalira mapu, yochepera mainchesi 3 idzakuvutani. Komabe diso siliwerenga mainchesi, limawerenga nambala, ndipo kukula kwa nambala kumadalira kuchuluka kwa zimene mwaunjika patsamba limodzi. Makompyuta ambiri a Garmin amalola zinthu mpaka 10 patsamba. Mukadzaza chonchi, ngakhale sikirini yaikulu imasanduka nyerere zokhazokha. Ikani zitatu basi, monga liwiro pamwamba, mtunda ndi nthawi m'munsi, zinazo zipite patsamba lachiwiri. Kompyuta yaing'ono yoonetsa zinthu ziwiri imawerengeka msanga kuposa yaikulu yoonetsa 8. Pa makompyuta a Wahoo a Bolt ndi Roam pali mabatani awiri m'mbali ochepetsera kapena kuwonjezera zinthu patsamba mukupalasa, zikachepa manambala amakula. Kwa wa maso ovuta, mabatani awiri amenewa ndi ofunika kuposa zina zambiri zolembedwa pabokosi.

Masikirini alipo amitundu iwiri. Wina umabweza kuwala kwa dzuwa, ngati wa Edge 1040. Dzuwa likaswa mtengo umaoneka bwino kwambiri ndipo sudya batire, koma mukalowa mumthunzi kapena kukayamba chisisira umazilala mpaka mutayatsa nyali yake yamkati. Winawo umawala wokha ngati foni, monga wa Edge 1050 ndi Karoo. Mitundu yake imaoneka yakuthwa, zilembo zosalala, koma batire limatha msanga: kampani yake imati Edge 1050 imakhala maola pafupifupi 20, pomwe 1040 imafika 35. Ngati chimakuvutani n'kusiyanitsa chakuda ndi chotuwa, sankhani yowala yokha, za batire muzipirire. Yesaninso kusintha pakati pa zilembo zakuda pamalo oyera ndi zoyera pamalo akuda, poti maso amasiyana. Amene amavutika kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira ayang'ane mzere wanjira pamapu, aone ngati ukusiyana ndi misewu inayo.

Chifukwa chiyani tikulimbikira zowerenga msanga? Pa liwiro la makilomita 30 pa ola mumayenda mamita opitirira 8 sekondi iliyonse. Kuyang'anitsitsa sikirini kwa masekondi awiri ndiye kuti mwayenda mamita pafupifupi 17 osaona kutsogolo. Choncho zina zisiyireni khutu. Yatsani kulira kochenjeza pokhota, ndipo ngati kompyutayo imalola, ilumikizeni ndi foni kudzera pa Bluetooth kuti mawu azikuuzani kolowera. Musatseke makutu onse awiri, galimoto yakumbuyo muziimva. Pamapu sankhani kuti kumene mukulowera kuzikhala pamwamba, osati kumpoto, ndipo zimitsani mayina a malo osafunika.

Mabatani enieni amaposa sikirini yokhudza ndi chala, chifukwa mumawapapasa osayang'ana, ndipo thukuta kapena mvula siziwasokoneza.

Pomangirira kompyutayo pamasintha zambiri. Chogwirira chotulukira kutsogolo kwa chiwongolero chimapangitsa kuti musawerame kwambiri, maso amangotsika pang'ono n'kubwerera pamsewu, koma chimatalikitsa sikirini ndi masentimita angapo. Kumangirira pakhosi la chiwongolero kumaiyandikitsa, koma mumaweramitsa mutu wonse. Ngati magalasi anu ali ndi kagawo kowerengera m'munsi, sunthani mpaka sikirini igwere m'kagawo kameneko mutu usanagwedezeke. Masulani pang'ono bawuti, pendeketsani sikirini iloze kunkhope, kenako mangani. Ikagona chagada imaonetsa mitambo m'malo mwa manambala.

Pomaliza, musanagule, yesani motere. Valani magalasi enieni amene mumapalasa nawo, tulukani nayo panja, ikani pamtunda munayeza uja. Yang'anani chinthu chakutali, tsitsani maso kamodzi, bwererani kutali, tchulani nambala mwaonayo. Bwerezani padzuwa ndi pamthunzi, mutu uli chilili ndiponso utapendeka. Mukaona kuti mukutsinzinira kapena kuyang'ananso kachiwiri, chepetsani zinthu patsamba. Zikakanikabe pa zinthu zitatu, kompyutayo si yanu.

Koma ngati ndi msewu womwe ukuoneka mwachimbuuzi, nyali zamagalimoto zikukuthobwani kwambiri, kapena diso limodzi lasintha mwadzidzidzi, za kompyuta zisiyeni kaye, pitani mukayezetse maso. Ng'ala imayamba ndi zizindikiro ngati kuthobwa ndi chimbuuzi, ndipo kusintha kwadzidzidzi kumafuna dokotala tsiku lomwelo.