Mmene mungawerengere kutalika kwa mtunda wofika pa gamma-ray burst pa kakyuleta ya foni

Titenge gamma-ray burst (GRB) yotchedwa GRB 090423 poti masamu ake savuta. Pa 23 April 2009 setilaiti ya NASA yotchedwa Swift inagwira kuphulika kwa ma gamma ray, kuwala kwamphamvu zedi kosaoneka ndi maso, cha kumene kuli nyenyezi za Leo, kunatenga masekondi ngati 10 basi, nyenyezi yaikulu ikufa.

Musaganize kuti Swift ndi imene imayeza kutalikako. Iyo ntchito yake ndi kukuwa. Chida chake cha BAT chikangoona kung'anima setilaitiyo imatembenuka yokha m'mphindi imodzi kapena ziwiri, chida china cha XRT nkupeza malo enieni ndi ma X-ray, uthenga nkupita ku GCN, njira imene akatswiri a zakuthambo amadziwitsirana za kuphulika kotere. Mauthenga a GCN ali pa intaneti, aliyense atha kuwerenga, ndiye yambirani komweko.

Mukatsegula funani kaye zomwe UVOT yaona, ndi telesikopu ya pa Swift pomwepo yoona kuwala kwa ultraviolet ndi komwe maso athu amaona. Pa 090423 sinaone kanthu, koma telesikopu ya UKIRT ku Hawaii itayang'ana mu infrared, kuwala kwa mafunde aatali kuposa komwe maso athu amaona, inapeza kadontho. Zikatere dziwani kuti mwina fumbi labisa kapena chinthucho chili kutali koopsa, ndipo chodula mlandu ndi spectrum, girafu yoonetsa kuwala kutagawidwa malinga ndi kutalika kwa mafunde ake. Apa akatswiri amachita changu zedi chifukwa kuwala kotsalako kumazilala ola ndi ola. Pa 090423 anagwiritsa ntchito matelesikopu a TNG pa chilumba cha La Palma ndi VLT ku Chile.

Pa spectrum musavutike ndi timizere tonse, funani phompho. Mpweya wa hydrogen umene uli m'njira umameza kuwala kwa mafunde aafupi kuposa 121.6 nanometer (muyeso waung'ono zedi woyezera mafunde a kuwala), ndiye girafu imaoneka ili ndi kuwala mbali imodzi kenako gwaa yagwa, mbali inayo zii. Koma poti chilengedwe chakhala chikufutukuka nthawi yonse imene kuwalako kunali pa ulendo, nako kumatamuka, phompho lija limasuntha. Pa 090423 linapezeka cha pa 1120 nanometer.

Tsopano foni ija. 1120 gawani ndi 121.6, mupeza 9.2. Chotsani 1, yatsala 8.2, imeneyo ndiye redshift, nambala yoonetsa mmene kuwalako kwatamukira. Anthu amaiwala kuchotsa 1 uja, samalani.

Kuti 8.2 isanduke zaka pamafunika cosmology calculator, zilipo zaulere pa intaneti, mungolemba redshift. Idzakuuzani kuti kuwalako kunayenda zaka pafupifupi 13 biliyoni, kunanyamuka chilengedwe chili ndi zaka ngati 630 miliyoni chabe.

Chomwe ine chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi, 9.2 yomweyo imatamula ndi nthawi yomwe. Gawani masekondi 10 aja ndi 9.2, muona kuti komweko kuphulikako kunatenga sekondi imodzi ndi kanthu pang'ono.

Mukapeza ena alemba 8.1 musati alakwitsa. Gulu la Ruben Salvaterra la TNG linapeza 8.1, la Nial Tanvir la VLT 8.2, kadontho kozilala chonchi m'mphepete mwa phompho simuoneka bwinobwino ayi.